Nyemba zosalowa mumphika

Anzanga, makamaka inu amene mumakonda za makompyuta koma kompyutayo mumangoionera pa chithunzi, imani kaye pano belu lisanalire. Ndili ndi funso. Mukatumiza K5,000 pa foni kwa agogo kumudzi, pamachitika ntchito ziwiri: kuchotsa ndalama mu akaunti yanu, ndi kuonjezera mu akaunti yawo. Nanga makina atazima pakati penipeni, atachotsa kale kwa inu koma asanaonjezere kwa agogo, K5,000 ija ili kuti?

Musanene kuti ili m'malere. Ndalama ya pa foni siuluka ngati mbalame. Ndi nambala chabe yolembedwa mu kompyuta ina yaikulu yomwe ili kutali ndi inu. Foni yanu imangopempha, zenizeni zimachitikira uko. Kompyuta yoyankha mapemphoyo amaitcha seva, ndipo mapulogalamu omwe amakhala mmenemo ndi amene ndakhala ndikulimbana nawo teremu yonseyi, kuchokera m'buku lina lonenepa lomwe ndinalipeza mu katoni ya mabuku amphatso ku laibulale. Palibe amene analibwerekapo. Masamba ena anali akadali omatana.

Bukulo ndi la Enterprise JavaBeans, mwachidule EJB. Eya, beans, nyemba. Koma si nyemba za fumbwe zomwe anzathu a ku boarding amadandaula nazo tsiku ndi tsiku zija ayi. Nkhani yake ili motere. Java ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu chomwe chinatuluka mu 1995 ku kampani ya Sun Microsystems ku America, ndipo amene ankatsogolera ntchitoyo ndi James Gosling. Dzinalo analitenga ku khofi, poti Java ndi chilumba cha ku Indonesia chotchuka ndi khofi. Tsono njere za khofi pa Chingerezi amati beans. Atayamba kupanga tizidutswa ta pulogalamu mu Java, anangoti basi, timeneti ndi ma bean. Malamulo oyamba a EJB anatuluka mu 1998.

Mawu oti enterprise asakuopseni. Akutanthauza pulogalamu ya bungwe lalikulu, monga banki, kampani ya inshuwalansi kapena ofesi ya misonkho, komwe anthu zikwizikwi amagwiritsa ntchito nthawi imodzi ndipo kulakwa kamodzi kokha ndi ndalama za munthu. Pulogalamu yoteroyo salemba ngati chimanga cha kompozishoni, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amaimanga ngati njinga. Tcheni pachake, mabuleki paokha, pedulo payokha. Tcheni chikaduka mumagula china pa msika, simutaya njinga yonse. Chidutswa chilichonse cha pulogalamu chimagwira ntchito imodzi, china chowerengera chiwongola dzanja, china chotumiza ndalama, china chotsegula akaunti, ndipo dzina lake ndi component. Bean ndi component yokhala pa seva.

Mutu womwe unanditengera masiku ambiri ndi wa container. Iwalani kontena ya pa msika yomwe timagulako mayunitsi ija. Iyi ndi pulogalamu ina yaikulu yokhala pa seva, imene imasunga ma bean onse ndi kuwayang'anira. Kuti ndimvetse ndinaganizira mayi wogulitsa tomato mu msika. Iwo amabwera ndi tomato wawo ndi mtengo wake, basi. Shedi anamanga ndi ena, mlonda wa usiku analembedwa ndi ena, geti amatsegula ndi kutseka ndi ena. Mayiwo akanati azichita zonsezo okha, tomato akanaola. Bean nayo imabwera ndi lamulo la bizinesi lokha, monga lakuti munthu asatumize ndalama yoposa yomwe ali nayo. Zoona ngati wopemphayo ali ndi chilolezo, zolumikiza ku database komwe manambala onse amasungidwa, zothana ndi anthu chikwi obwera pakamodzi, zonsezo ndi za container.

Chodabwitsa n'chakuti wopempha sakhudza bean mwachindunji. Pempho lililonse limayamba ladutsa m'manja mwa container, iyo n'kuchita zake, kenako n'kuitana bean, ndipo bean ikamaliza yankho limadutsanso momwemo. Ngakhale kupanga bean yatsopano kapena kuichotsa si ntchito ya wolemba pulogalamu. Iwe umangolemba, n'kuipereka, n'kudikira kuti container ikuitane. Kwa munthu amene wazolowera kuti pulogalamu imayamba pa mzere woyamba n'kutsika, zimenezi zimazunguza mutu. Koma mukangogwira mfundo iyi, theka la buku latha.

Ma bean alipo a mitundu ingapo. Wotchuka kwambiri ndi stateless session bean, ndipo ameneyu ndi kabaza weniweni. Pitani pa siteji. Pali anyamata khumi ndi njinga zawo. Mukafika mumakwera aliyense amene ali pafupi, amakutulani, n'kubwerera pa siteji kukadikira wina. Mawa mukabwera simufunsa kuti wa dzulo uja ali kuti, poti aliyense akufikitsani. Iyenso sasunga za inu m'mutu. N'chifukwa chake anyamata khumi amatha kunyamula anthu mazana pa tsiku. Container imachita chimodzimodzi: imasunga ma bean angapo ofanana pa siteji yake yomwe amaitcha pool, pempho likabwera imatenga imodzi, ikamaliza imaibweza. Tinene kuti ma bean alipo 20 okha. Ngati pempho lililonse likutha m'kachigawo kakang'ono ka sekondi, 20 amenewo akhoza kutumikira tawuni yonse popanda wina kuzindikira kuti akugawana. Koma pali lamulo lake. Usasiye katundu wako pa njinga ya kabaza poganiza kuti umupeza yemweyo. Ukasunga dzina la kasitomala mkati mwa bean yotere, wobwera pambuyo pako akhoza kulipeza, ndipo iwe ukabweranso upatsidwa bean ina yosadziwa kanthu.

Winayo ndi stateful session bean. Uyu ndi kondakitala wa minibasi. Mwampatsa K5,000, iye akuti chenji pambuyo, ndipo ulendo wonse akukumbukira kuti mayi a duku lofiira aja ndiwabwezere zakuti. Amasunga nkhani yanu mpaka mutatsika. Ndi mmene zimakhalira pogula zinthu pa intaneti, pomwe dengu lanu liyenera kukumbukira zomwe mwaikamo kale. Vuto lake ndi mtengo. Kasitomala aliyense amafuna bean yakeyake, ndiye anthu akachuluka memory ya seva imadzaza. Container ikaona kuti wina wakhala chete nthawi yaitali, imalemba nkhani yake pa disiki n'kumuchotsa mu memory, monga kondakitala amalembera chenji pa kapepala mutu ukadzaza. Zimenezo amati passivation. Munthuyo akabweranso, imawerenga kapepala kaja n'kupitiriza.

Palinso message-driven bean, yomwe inabwera mu 2001 ndi EJB 2.0. Imeneyi ndi ya ku chigayo: mwasiya thumba lanu pa mzere, mwapita kukagula mchere, wa chigayo agaya nthawi yanu ikakwana ngakhale inu palibe. Ndi yabwino pa ntchito zomwe siziyenera kumuimitsa munthu, monga kutumiza uthenga woti ndalama yafika. Za entity bean, zoimira zinthu zosungidwa mu database, ndinena pang'ono kumapetoku, poti zili ndi nkhani yake.

Tsopano tibwerere kwa agogo ndi K5,000 yawo. Nayi bean yotumiza ndalama, m'kalembedwe ka masiku ano. Mayina ndaika a Chichewa dala, poti Java ilibe nazo ntchito kuti dzina ndi la chiyankhulo chanji:

@Stateless
public class Kutumiza {
  public void tumiza(Akaunti wotumiza, Akaunti wolandira, long ndalama) {
    wotumiza.chotsa(ndalama);
    wolandira.onjezera(ndalama);
  }
}

Mizere iwiri ya pakatiyo ndiye ntchito yonse. Yang'anani bwino, palibe paliponse palembedwa zoti makina akazima tichite chiyani. Koma chitetezo chilipo, chikuchokera kwa container. Isanaitane tumiza, container imatsegula chomwe amati transaction. Zonse zochitika mkati mwake zimakhala ngati zalembedwa ndi pensulo. Mizere yonse iwiri ikatha bwino, container imauza database kuti commit, kutanthauza kuti dindani ndi inki tsopano. Chinachake chikasokonekera pakati, imati rollback, fufutani zonse, tibwerere pomwe tinayambira. Ndipo ngati ndi magetsi athima commit isanachitike, database ikadzukanso imataya zonse za pensulo zija. Ndiye yankho la funso lija ndi lakuti K5,000 ikadali mu akaunti yanu. Kapena zonse ziwiri zichitike, kapena pasachitike chilichonse. Zapakatikati kulibe.

Khalidwe limeneli amalitcha atomicity. Mwakumbukira atomu ya ku Chemistry, eti? Mawuwo anachokera ku Chigiriki, kutanthauza chosaduka. Ndi chilembo choyamba cha ACID, dzina lomwe akatswiri awiri a ku Germany, Theo Härder ndi Andreas Reuter, analemba mu 1983 pofotokoza makhalidwe anayi a transaction yabwino. Si asidi wa litmus uja ayi. C ndi consistency, kuti malamulo a buku la ndalama asasweke. D ndi durability, kuti zomwe zadindidwa ndi inki zisafufutike ngakhale makina atazima sekondi yotsatira. Ziwirizi n'zosavuta. Chomwe chimaluma ndi I, isolation.

Tiyerekeze kuti kalabu yathu ya Wildlife ili ndi K10,000 ku akaunti, ndipo anthu awiri ali ndi chilolezo chotapa, a patironi ndi msungichuma. Tsiku lina onse awiri, wina ali ku boma wina ali pa trading centre, akutapa K8,000 pa sekondi imodzimodzi. Bean yoyamba yawerenga, yapeza K10,000, yati ndalama ikukwana. Isanalembe kanthu, bean yachiwiri nayo yawerenga, yapeza K10,000 yomweyo, yati ikukwana. Yoyamba yalemba kuti kwatsala K2,000. Yachiwiri yalembanso kuti kwatsala K2,000. Mwaona? K16,000 yatuluka mu akaunti ya K10,000, ndipo buku likuonetsa ngati zonse zili bwino. Palibe makina anazima, palibe wakuba, ndipo bean iliyonse payokha inachita masamu olondola. Kulakwa kwabadwa chifukwa chokumana.

Apa kungotsegula transaction sikukwanira nthawi zonse, zimatengera mmene database yauzidwira kuti iwalekanitse anthu. Njira imodzi ndi loko. Woyamba kufika amatseka mzere wa akauntiyo, wachiwiri amadikira panja ngati pa chitseko cha bafa m'mawa, ndipo akalowa amapeza K2,000, n'kukanizidwa. Njira ina ndi yoika nambala pa mzerewo, imene imakwera nthawi iliyonse wina akasintha. Unawerenga pali 7, pobwera kudzalemba wapeza pali 8, ndiye kuti wina wakudutsa, yambiranso. Ine ndimaikonda yachiwiriyi chifukwa siimitsa anthu pachabe, poti nthawi zambiri anthu awiri sakumana pa akaunti imodzi. Koma pamalo pomwe aliyense akulimbirana mzere umodzi, loko ndiye bola.

Pali msampha wina womwe bukuli linaubisa m'kandime kakang'ono, koma kwa ine ndi wofunika kuposa mitu ina yathunthu. Mu Java, pulogalamu ikakumana ndi vuto imakuwa, ndipo kukuwako amati exception. Container imasiyanitsa kukuwa kuwiri. Kwina ndi kwa ngozi yosayembekezeka, monga database yasowa. Apo imachita rollback yokha osafunsa. Kwina ndi komwe wolemba pulogalamu anakukonzeratu yekha n'kukulengeza, mwachitsanzo exception yoti AkauntiYatsekedwa. Pa mtundu wachiwiriwu container simachita rollback yokha ayi. Imaganiza kuti poti vutoli unaliona likubwera, ukudziwa chochita nalo. Tsono bwererani ku mizere iwiri ija. Woyamba wachotsa K5,000 kwa inu. Wachiwiri wapeza kuti akaunti ya agogo inatsekedwa, wakuwa. Ngati wolemba sanauze container kuti ifufute, iyo ichita commit pa zomwe zachitika kale. Ndalama yachoka kwa inu, kwa agogo siinafike. Mankhwala ake ndi mzere umodzi wokha, setRollbackOnly m'kalembedwe kakale, kapena kuika chizindikiro cha @ApplicationException chokhala ndi rollback=true m'katsopano. Mzere umodzi umenewo ukasowa, pali gogo wina amene sagula feteleza chaka chino. Ndikamawerenga za ma bean ndimayesetsa kuti nkhope imeneyo isandichoke.

Tsopano chenjezo kwa aliyense amene akabwereke bukuli ine ndikabweza. Ndi lakale. Likuphunzitsa EJB 2.0, ndipo nthawi imeneyo bean imodzi yaing'ono ngati ya pamwambayi inkafuna mafayilo angapo: home interface, remote interface, class ya bean yeniyeniyo, ndi fayilo ya XML yotchedwa ejb-jar.xml yofotokozera container zonse. Umayeneranso kulemba ejbActivate, ejbPassivate ndi ejbRemove ngakhale mkati mwake mulibe kanthu. Olemba mapulogalamu anatopa nazo. Mu 2002 Rod Johnson anatulutsa buku losonyeza njira yopepuka, ndipo mmenemo ndi momwe munabadwira Spring, yomwe makampani ambiri akugwiritsa ntchito lero. A EJB anamva kudandaulako. Mu 2006 anatulutsa EJB 3.0, imene inabweretsa tizizindikiro toyamba ndi @ tija, ndipo ma entity bean akale analowedwa m'malo ndi njira ina yotchedwa JPA. Kenako mu 2010 kampani ya Oracle inagula Sun, mu 2017 inapereka ntchito yonseyi ku Eclipse Foundation, ndipo dzina linasintha kukhala Jakarta EE. Jakarta ndi mzinda wa pa chilumba cha Java chomwe chija, ndiye nthabwala ya khofi sinathe. Zatsopanozi ndinazitsatira pa foni ya achimwene anga pa holide, ndi bandulo ya usiku.

Ndiye kodi bukuli ndi lotaya? Ine ndikuti ayi, koma liwerengeni ngati mmene timadyera nzimbe. Mitu ya home interface, ya XML ndi ya entity bean, tafunani mwachangu n'kulavula, mungodziwa kuti zinaliko. Mitu ya container, ya pool, ya chitetezo ndi ya transaction, imeneyo ndiye madzi ake, ndipo sinakalambe. Spring nayo ili ndi container, ma component ake imawatchabe ma bean, ndipo msampha wa exception uja uliko pafupifupi chimodzimodzi. Amene akulota zokachita za makompyuta ku MUBAS, ku UNIMA kapena ku Mzuni adzakumana nazo zimenezi, kaya ndi dzina lina. Koma musayambe ndi bukuli ngati simudziwa kuti class ndi chiyani, method ndi chiyani. Likuganiza kuti Java mukuidziwa kale, ndipo silidikira munthu. Mawu achilendo ndimawalemba kumapeto kwa kope, lililonse ndi chitsanzo changa cha pa msika kapena pa siteji. Ndikalephera kupeza chitsanzo, ndimabwerera ku ndimeyo mpaka chipezeke.

Ena mufunsa kuti aise, kompyuta ulibe, ukuyesera pati? Kuti bean igwire ntchito zenizeni pamafunika seva monga WildFly kapena GlassFish, zomwe ndi zaulere koma zimafuna laputopu. Pakadali pano code ndimalemba mu kope, ndipo container timaisewera ndi anthu. Yesani nanunso pa nthawi ya buleki. Pezani zitsekerero za mabotolo khumi, chilichonse chiimire K1,000. Mmodzi akhale database, agwire kope, pensulo ndi bolopeni. Wina akhale container. Awiri akhale ma bean, ena awiri makasitomala. Lamulo ndi lakuti kasitomala sayankhula ndi bean, amapereka kapepala kwa container. Database ilembe ndi pensulo mpaka itamva mawu oti commit. Ndiye pakhale wina woipa mtima, ntchito yake kungokuwa kuti magetsi athima, pa nthawi iliyonse yomwe wafuna. Akakuwa, aliyense aime, database ifufute za pensulo, muwerenge zitsekerero. Zikapanda kukwana khumi, fufuzani kuti ndani anadinda inki nthawi isanakwane. Mukazolowera, tumizani makasitomala awiri pakamodzi pa akaunti imodzi popanda loko, muone mmene zitsekerero 16 zikufunidwira pomwe pali khumi. Titasewera ndi anzanga a mu Fomu 4 panabuka mkangano woti anthu odutsa ankayesa tikukangana za mpira.

Ndikusiyirani ntchito. Zonse ndafotokozazi zikuyenda bwino chifukwa akaunti yanu ndi ya agogo zili mu database imodzi, ndiye commit ndi imodzi. Tsono tiyerekeze kuti yanu ili ku banki ina, ya agogo ili ku banki inanso, aliyense ndi database yake, ndipo netiweki ya pakati pawo ikhoza kuduka nthawi iliyonse. Mukauza yoyamba kuti commit, yachiwiri ikhoza kukana kapena osamva n'komwe. Mukayamba ndi yachiwiri, vuto ndi lomwelo. Container ichite bwanji kuti onse awiri adinde, kapena onse awiri afufute? Njira yake ili ndi dzina, two-phase commit, ndipo dzinalo lokha lakuuzani kale kuti pali masitepe awiri. Pezani kuti sitepe yoyamba container imafunsa chiyani, ndipo imafunsa ndani. Lembani yankho pa pepala, ikani dzina ndi kalasi, muponye mu bokosi la magazini ino Lachisanu lisanafike. Mayankho atatu abwino tiwamata pompano mwezi wamawa, pamodzi ndi langa.